Maso a m'mbali mwa bwalo

Loweruka lapitali pabwalo pathu pa ntchemberembaye, pomwe ndimaphunzitsa atsikana, panasowa mtsikana mmodzi. Ali ndi zaka 14, ndi wamtali ngati bango, ndipo mpira ukachoka m'manja mwake umakagwera pomwe iye waufunira. Kwa zaka ziwiri sanajombepo, ngakhale tsiku la mvula. Nditafunsa anzake anayamba kuyang'anana, wina n'kumakanda pansi ndi chala cha kuphazi, mpaka wamng'ono pa onsewo anati, "Anti, akuti wasiya. Akuti mpira ndi za ana." Sindinafunsenso zambiri. Mawu amenewo ndimawadziwa, chifukwa inenso ndinawayankhulapo m'chaka cha 2000 ndili Fomu 2, ndipo pomwe ndinkawayankhulapo mtima unkadziwa kuti pakamwa pakunama.

Tikamakamba za atsikana osiya masewera timathamangira nkhani ya ndalama: mabwalo kulibe, nsapato n'zodula, makampani safuna kuthandiza mpira wa amayi. Zonsezo n'zoona, ndipo ine amene ndimasonkherana ndi amayi anzanga kuti tigule mpira umodzi sindingazitsutse. Koma ife tinkasewera opanda nsapato. Mtsikana wanga uja nsapato ali nazo, amalume ake anamugulira pa kaunjika. Chimene chamuchotsa pabwalo chili mumtima, ndipo chinalowamo kudzera m'maso ndi m'kamwa mwa anthu.

Ndinakulira kumudzi, chakumunsi kwa phiri la Mulanje. Amene anakulira kumudzi zaka zimenezo fulaye akumudziwa. Mpira wa mapepala a shuga womangidwa ndi mphira, awiri aima uku ndi uku akuponya, iwe uli pakati ukulewa, kwinaku ukuthira mchenga m'botolo kuti lidzaze asanakulase. Diresi tinkaikwinya n'kuilowetsa m'kabudula wamkati, n'kumadumpha mpaka dzuwa kulowa. Panalibe woganiza za mmene akuonekera. Fulaye akatha tinkakhala pansi kuchita phada, tikapuma n'kutenga chingwe cha jingo. Mtsikana wa zaka 9 wa kuno kwathu amakhala ali katswiri kale, kungoti palibe womuuza. Amadziwa kuwerenga phewa la woponya mpira usanachoke, amadziwa kutembenuka mwendo umodzi uli pansi, amawakha kamwala kali m'malere maso ali kwina.

N'chifukwa chake ntchemberembaye sinandivute nditaiyamba mu Sitandade 6. Bwalo lathu linali lafumbi, mizere tinkalemba ndi phulusa, zigoli zinali mitengo ya bulugamu yokhala ndi mkombero wachitsulo wopindika pang'ono. Mphunzitsi wathu, amene tonse tinkangowatchula kuti Madamu, anandiyang'ana masiku awiri okha n'kundipatsa bibu ya C, ya wosewera wapakati. Anati, "Iwe uli ndi maso a kumbuyo. Umadziwa pomwe mnzako ali usanacheuke." Padutsa zaka pafupifupi 30, Madamuwo anatisiya kalekale, koma mawu amenewo ndikadali nawo. Munthu wamkulu anaona chinthu chenicheni mwa ine n'kuchitchula dzina. Sananene kuti ndine mwana wabwino kapena wokongola. Ananena chimene ndimatha kuchita.

Ndinatha msinkhu ndili Sitandade 8. Azakhali anga ndi amayi ena awiri ananditsekera m'nyumba n'kundilanga. Sindikufuna kuwanyoza amayi amenewo. Zambiri zimene anandiuza zandisunga mpaka lero, za ukhondo, za ulemu, za kuchenjera ndi amuna. Koma pakati pa malangizowo panali mawu obwerezedwabwerezedwa: wakula tsopano. Wakula, usamakhale motangadza miyendo. Wakula, usamathamangethamange pamaso pa abambo. Wakula, chitenje chisamachoke m'chiuno, anthu akuona. M'nyumba muja ndinalowa ndekha koma ndinatuluka tili awiri. Panali ine wa fulaye uja, ndiye panalinso ine wina woima pambali, wondiyang'ana ndi maso a anthu.

Kusekondale, sukulu yoyendera, ndinalowabe m'timu. Tsiku lina kunabwera sukulu ina kudzasewera nafe. Ndinali kumwezi, nditavala nyanda, tinsalu takale topindapinda, pansi pa siketi yaifupi yowala. Bra ndinalibe, chifuwa ndinachimanga ndi kansalu mkati mwa malaya. Pachulu cha m'mbali mwa bwalo panadzaza anyamata, ndipo sikuti ankaonera mpira. Aliyense wa ife akadumpha ankakuwa, akutchula ziwalo zathu mayina ake mokweza, akuluakulu ali pomwepo osadzudzula. Chachikulu chimene chinachitika palibe. Nyanda sinagwe, siketi sinathimbirire. Koma masewero onse dzanja langa limodzi linali kumbuyo likukoka siketi, ndipo C wa dzanja limodzi si C. Mipira yomwe ndikanaiwakha ndili m'tulo inkandidutsa pamphuno. Maso a kumbuyo aja anali atatembenukira kwa ine mwini, akufufuza ngati pali banga, ngati chifuwa chikugwedezeka kwambiri, ngati ndikuoneka ngati mtsikana wopanda mwambo.

Titagonja, mphunzitsi amene ankatiyang'anira anandiloza pamaso pa onse. "Iwe watani lero? Wayamba zibwenzi eti? Mtsikana akayamba amuna mpira umatha." Anzanga anaseka kuseka kwa mantha. Ine sindinalire. Sabata yotsatira ndinati mutu ukundipweteka. Ina ija ndinati kunyumba kuli ntchito. Pofika kumapeto kwa teremu ndinali nditapeza mawu omveka ngati a munthu wamkulu: mpira ndi za ana. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero si anyamata a pachulu kapena mawu a mphunzitsi uja. N'chakuti palibe ngakhale mmodzi anabwera kudzandifunsa. Bibu ya C anangoipereka kwa wina, moyo n'kumapitirira.

Patapita zaka zambiri ndinadzawerenga kuti chinthu chimenechi chili ndi anthu amene anachifufuza. Barbara Fredrickson ndi Tomi-Ann Roberts, akatswiri a za maganizo a ku America, analemba mu 1997 kuti atsikana amaphunzira kudziona ngati mmene wowayang'ana akuwaonera, ndipo kudzilondera kumeneku kumadya nzeru zomwe zikanapita pa ntchito imene munthu akugwira, n'kumulanda chisangalalo chija chomira nacho mu zimene ukuchita mpaka kuiwala nthawi. Nditawerenga ndinangoti, ndi dzanja langa lija la pa siketi. Ku Britain, kumene mabwalo ndi nsapato si vuto, bungwe la Women in Sport linapeza mu 2022 kuti atsikana 43 mwa 100 alionse amene ankadziona kuti ndi okonda masewera ali kupulaimale amakhala atazitaya akafika pa unamwali, ndipo chifukwa chimene ambiri anatchula ndi mantha oti anthu awaweruza. Ngakhale akatswiri olipidwa ndalama zambiri nkhawa ya banga amaidziwa. Mu 2023 timu ya mpira wamiyendo ya amayi ya England inasiya makabudula oyera n'kuyamba abuluu, ndipo chaka chomwecho ku mpikisano wa tenisi wa Wimbledon analola amayi kuvala zamkati zakuda pansi pa zoyera zija. Ngati mayi wosewera pamaso pa dziko lonse amaopa zimenezi, kuli bwanji mwana wa Fomu 2 wovala nyanda?

Kwathu kuno maso amenewa ali ndi mbiri yake. Amayi athu anakula pansi pa lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi, lomwe linatha pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha. Lamulo linachoka m'mabuku koma m'mitu linatsala. Mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha thalauzi. Mtsikana amene akuvala kabudula kuti akathamange amadziwa zonsezi ngakhale palibe anamuphunzitsa. Amadziwa kuti thupi lake aliyense wodutsa akhoza kulipereka chigamulo.

Ife a ntchemberembaye tili ndi mwayi pang'ono, chifukwa anthu anavomereza kale kuti ndi mpira wa akazi. A mpira wamiyendo amasenza katundu wina pamwamba pake: amatchedwa achimuna, amauzidwa kuti sadzakwatiwa, ena mpaka kuwaopseza kuti sadzabereka. Tabitha Chawinga anauza nyuzipepala ya The Guardian mu 2021 kuti ali ndi zaka 13 anamukakamiza kuvula pa masewero ena kuti atsimikize kuti ndi mtsikanadi, chifukwa ankasewera bwino kwambiri, ndipo zinadzachitikanso kachiwiri atakula pang'ono. Taganizani, mwana wa zaka 13. Mwana yemweyo ndi amene anadzamwetsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi ya Sweden mu 2017, zigoli 26, n'kudzachitanso chimodzimodzi ku Italy ali ku Inter ndi ku France ali ku Paris Saint-Germain. Anthu amakonda kukamba nkhaniyi ngati umboni wa kulimba mtima kwake, ndipo ndi wolimbadi mtima. Koma ine ndikaimva ndimaganiza za ena aja amene anachitidwa zofanana ndi zimenezi n'kupita kunyumba osabwereranso. Sitidziwa mayina awo. Sanali ofooka, anangochita zimene mwana aliyense wochititsidwa manyazi amachita.

Komabe manyazi okha safotokoza zonse, chifukwa pali atsikana amene amanyozedwa koma n'kukhalabe, ndiye pali ena osanyozedwa amene amachoka. Edward Deci ndi Richard Ryan, amene akhala akufufuza kwa zaka zambiri chimene chimachititsa munthu kulimbikira chinthu, amati pali njala zitatu za mumtima: kumva kuti chinthucho wasankha wekha, kumva kuti ukuchitha ndipo ukupita patsogolo, ndi kumva kuti uli pakati pa anthu okuwerengera. Ndikayang'ana atsikana amene adutsa m'manja mwanga, ndimaona kuti zitatuzi zikakwanira mtsikana amapirira zambiri, ngakhale anyamata a pachulu. Chimodzi chikasowa amayamba kutsimphina. Ziwiri zikasowa, mawu amodzi okha oipa amamuchotsa.

Za kusankha wekha, ndaona makolo ndi aphunzitsi akulakwitsa ndi mtima wabwino. Mtsikana amene amasewera chifukwa aphunzitsi anena, kapena chifukwa kuli ulendo wa pa lole ndi Sobo ndi mabanzi, amasiya tsiku limene aphunzitsiwo asamutsidwa. Palibe cholakwika ndi Sobo, tonse tinamwa. Koma pansi pake payenera kukhala chinthu chake cha iye mwini, kukoma kuja kwa mpira ukamalowa mumkombero osakhudza chitsulo.

Za kumva kuti ukutha, apa mpamene makochi ambiri timaphera ana. Tinatengera kakuwidwe ka m'mabwalo a anyamata, "Ndiwe mbuzi iwe!", "Manja ako ndi a phala!", n'kumati tikuwalimbitsa. Sindikunena kuti anyamata sizimawapweteka. Koma mtsikana wa zaka 14 amafika pabwalo atamva kale kunyumba kuti nsima yake ili ndi mibulu, kuti wachedwa kumjigo, kuti akuyenda ngati mwamuna. Ali kale ndi woweruza m'mutu mwake. Kochi akakuwa, woweruza uja amangoti, wamva? Ndinakuuza. Kulakwitsa kumodzi kumasanduka chigamulo cha moyo wake wonse. Ndinaphunzira mochedwa kuti mawu oti "phazi lako lamanzere linatsogola, tayesanso" amamanga, pomwe oti "sumatha" amagwetsa, ngakhale onse akunena za cholakwa chimodzi. Madamu aja ankazidziwa izi popanda buku.

Koma chachitatucho ndiye chachikulu, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanachilemba pa khoma la bwalo lililonse. Atsikana sasiya mmodzimmodzi, amasiya m'magulu. Chaka chomwe ndinasiya ine, mnzanga wapamtima, GA wathu, mmodzi wa omwetsa zigoli, anali atachoka kale sukulu chifukwa cha mimba. Ndi amene tinkayenda limodzi popita ndi pobwera, ndi amene ndinkamuponyera mpira osayang'ana. Akanakhalapo tsiku la pachulu lija, tikanatukwana anyamatawo chamumtima pobwerera kunyumba, n'kuseka, n'kubweranso Lachiwiri. Popanda iye manyazi aja ndinawasenza ndekha. Boma linalola kuyambira mu 1993 kuti mtsikana wobereka abwerere m'kalasi, ndipo mnzangayo anabwereradi patapita zaka ziwiri. Koma pabwalo palibe anamuitana. Anali mayi tsopano, ndipo m'maganizo a aliyense, kuphatikizapo iye mwini, mayi sadumpha.

Mawu amenewo, oti mayi sadumpha, ndi amene anandisunga kunja zaka 18. Ndinamaliza sukulu, ndinapeza ntchito ku Lilongwe, ndinakwatiwa, ana atatu. Palibe anandiletsa kusewera. Bambo a kunyumba si munthu woletsa. Iwo Lamlungu lililonse masana ankatenga nsapato zawo kupita ku mpira wa madoda anzawo, osapempha chilolezo kwa wina aliyense, ndipo ine sindinkaona chachilendo. Koma ndikangoganiza zotuluka ine maola awiri kukathamangitsa mpira, mtima unkandiimba mlandu. Zovala zachapidwa? Ndiwo zilipo? Apongozi akamva adzati chiyani? Zimenezi zimayamba kale kwambiri. Mnyamata akaweruka kusukulu amaponya chikwama pakhonde n'kuthamangira kubwalo. Mlongo wake amavula yunifolomu n'kutenga ndowa. Pofika zaka 20 mtsikana amakhala ataphunzira kuti nthawi yake ili ndi eni ake, ndipo kuigwiritsa ntchito pa chinthu chongomusangalatsa iye kumamveka ngati kuba.

Zaka zonsezo mpira ndinkautsatira pa wailesi. Mu 2007 ma Queens, timu ya dziko lathu ya ntchemberembaye, atagonjetsa South Africa ku Auckland, ku New Zealand, n'kukhala a nambala 5 pa dziko lonse, ndinali ndi mwana wakhanda kumsana, ndikuvina ndekha m'khichini. Chimene chinandikhudza kwambiri chinali Mary Waya. Anali ndi zaka 39, thupi lake la mayi wa Chimalawi ngati amayi a m'mudzi mwathu, akuzunguza atsikana aang'ono a mayiko olemera. Sankaoneka ngati akupepesa kwa aliyense chifukwa cha msinkhu kapena thupi lake. Ndikukhulupirira kuti amayi ambiri amene lero akusewera m'mabwalo a m'makwalala ali ndi ngongole kwa iye, chifukwa anationetsa kuti bwalo si la ana okha.

Pa nkhani ya zitsanzo ndili ndi nkhawa imodzi. Masiku ano zinthu zasintha, ndipo n'zosangalatsa. Ma Scorchers, timu yathu ya amayi ya mpira wamiyendo, anatenga chikho cha COSAFA cha mayiko a kumwera kwa Africa mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligiyo pa chaka chimodzi, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Abambo amene kale ankathamangitsa ana awo aakazi pabwalo ndi chikwapu tsopano akuti, "Sewera mwanangu, udzatitengere ku America." Ndi bwino kuposa chikwapu. Koma mwana amamva uthenga wina pansi pake: mpira ndi wololedwa ngati udzabweretsa ndalama. Akafika zaka 16 n'kuona kuti iye si Temwa, ndipo pafupifupi onse si Temwa, amaona kuti palibenso chifukwa. Mnyamata wosatha mpira amaseweratu mpaka imvi, palibe womufunsa kuti wapindulanji. Mtsikana yekha ndiye ayenera kukhala katswiri kuti akhululukidwe.

Ndikamawauza atsikana anga za Mwai Kumwenda wa ma Queens, sindiyambira pa mphoto yake ya wosewera wopambana pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Sydney mu 2015. Ndimayambira mu 2018, pamene bondo lake linaduka mtsempha ali ku Melbourne Vixens, n'kukhala pafupifupi chaka osasewera, kutali ndi kwawo ku Mzimba. Mu 2020 anatenga chikho cha ligi ya Australia ndi timu yomweyo, iye n'kukhala wosewera wopambana pa masewero omaliza. Chimene ndimafuna amve n'chakuti munthu akhoza kuchoka pabwalo n'kubwereranso. Ambiri amaganiza kuti ukangosiya, chitseko chatsekedwa.

Ine changa chinatseguka mu Epulo 2018, sabata imene ma Queens anagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast, ku Australia. Dera lathu lonse linali chipwirikiti. Madzulo ena mayi wina woyandikana naye nyumba, amene tinkangopatsana moni pa mpanda, anagogoda pageti atavala chitenje pamwamba pa kabudula. Anati, "Asisi, munasewerako mpira kusukulu? Tilipo sikisi, tikusowa mmodzi." Sanandiuze za kuchepetsa thupi, za BP kapena za shuga, zomwe anamwino anali atandiuza kangapo ine osasuntha. Anangoti tikusowa mmodzi. Ndinazimitsa mbaula n'kumutsatira.

Mphindi zisanu zoyamba ndinaona ngati chifuwa chiphulika. Koma mpira woyamba utafika m'manja mwanga, phazi linatera lokha pomwe liyenera kutera, thupi n'kutembenuka, mpira n'kupita kwa mayi amene sindinamuyang'ane n'komwe. Zaka 18, ana atatu, koma maso a kumbuyo aja anali akadalipo, akungodikira. Usiku umenewo ndinalira m'bafa, kulira kwa munthu amene wapeza chinthu chimene anachiika m'manda chikadali chamoyo.

Pali nkhani ina imene amayi sitiikamba, ndipo ndikufuna ndiinene poyera chifukwa imachotsa ambiri mwakachetechete. Ukabereka, makamaka kangapo, podumpha mkodzo umatha kudontha. Tsiku lachiwiri zinandichitikira, ndipo manyazi a pachulu aja anabwerera onse nthawi imodzi. Ndinali nditaganiza kale zoti sindibweranso. Pomwe tinkavala zitenje kuti tizipita, mayi wamkulu pa tonse, GK wathu, wotchinga pansi pa chigoli, wa zaka za m'ma 50, ananena mokweza kuti, "Amene simunadonthe lero imikani mkono." Palibe anaimika. Tinaseka mpaka kukhala pansi, kenako iye anatiphunzitsa zolimbitsa minofu ya m'chiuno zimene anaphunzira kusikelo, n'kutiuza kuti zikapitirira tisachite manyazi kukaonana ndi achipatala. Chinthu chomwe chikanandithamangitsa kachiwiri chinatha mphamvu chifukwa wina anachitchula dzina pagulu la anthu ondifunira zabwino. Ndimaganiza kuti mayi mmodzi wotere akanakhalapo mu 2000, n'kungonena kuti "amene muli kumwezi bwerani kuno tikonze," nkhani yanga ikanakhala ina.

Timu yathu ilibe dzina lodziwika ndipo sinapambanepo chikho. Anyamata a kabaza amaimabe pansi pa mtengo kumationera, ena amakuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano tilipo ambiri, ndipo GK wathu akawayang'ana kamodzi amakhala chete. Tikamaliza timakhala pansi kuchita za banki m'khonde. Amayi anga atamwalira, amayi a timu ndi amene anafika oyamba ndi nkhuni ndi ufa, anagona pa maliro masiku onse. Lachitatu, tsiku lathu losewera, likafika ndilibe mphamvu, chimene chimandidzutsa si chikondi cha masewera ayi. N'kudziwa kuti ndikapanda kupita atsala sikisi.

Atsikana a Loweruka tinawayamba chifukwa ana athu ankabwera kudzatidikira m'mbali mwa bwalo. Zimene ndimachita nawo n'zazing'ono. Amavala zimene akumasuka nazo, kabudula wakuda, siketi pamwamba pa thayiti, ngakhale chitenje ngati akufuna. M'chikwama changa mumakhala mapadi, ndipo onse amadziwa thumba lake, satenga mopempha. Tinasonkha ndalama kugula mabra a masewera pa kaunjika, ndipo ndinaona ndi maso anga atsikana awiri amene ankathamanga atapinda mapewa akuwongoka sabata yomweyo. Loweruka lomaliza la mwezi amasankha okha zochita, ndipo kawirikawiri amasankha fulaye. Ndipo lamulo langa lalikulu ndi ili: wina akajomba kawiri, timapita kwawo.

Koma kwa mtsikana wamtali uja sindinadikire kachiwiri, Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapita. Ndinapeza amayi ake akusankha nyemba pakhonde, anandiyalira mkeka, tinalonjerana. Anandiuza kuti iwo sanamuletse. "Ndi yekha, mayi. Watha msinkhu mwezi wathawu, ndiye akungodzitsekera m'nyumba. Kwinaku ndikuti mwina ndi bwino, poti wakula." Ndinawafunsa ngati iwo anasewerako ali mtsikana. Anasiya nyemba zija, n'kuseka pang'ono, n'kuti anali GD, wotchinga kumbuyo, ndipo kwawo ku Ntcheu kunalibe wowadutsa. Ndinawafunsa chimene anasiyira. Anayang'ana kumsewu nthawi yaitali osayankha.

Mtsikanayo anatuluka atafunda chitenje mpaka m'khosi, kunja kukutentha. Anagwada patali n'kupereka moni. Sindinamuuze za Temwa kapena za Mwai. Ndinamuuza za siketi yanga yowala, za nyanda, za chulu, ndi za dzanja langa lomwe linakhala kumbuyo masewero onse. Amayi ake ankamvetsera nawo. Nditamaliza anakhala chete, kenako anafunsa motsitsa mawu, maso ali pansi, "Anti, anyamata a pamtengo aja amabwerabe?"

Ndinamuuza zoona, kuti amabwerabe, koma Loweruka likubwerali tiyamba 6 koloko m'mawa iwo asanasonkhane, ndipo amayi anayi a timu yathu alonjeza kudzakhala pansi pa mtengowo. Ndinamuuzanso kuti WA wathu, wopatsira omwetsa zigoli, wakhala akuponya mipira pamalo pomwe iye amaima, n'kumagwera pansi. Ndinatulutsa bibu ya GS, ya womwetsa zigoli, m'chikwama n'kuiika pamkeka, pakati pa iye ndi amayi ake. Sanaitole. Amayi ake ndi amene anaitenga, anaikutumula fumbi, n'kuipinda bwinobwino pamwendo pawo, kenako anandifunsa ngati Lachitatu amayi timayamba nthawi yanji.